Mili Abereka Mfumukazi

Mili ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kupita ku phwando la zidole.

Dzina lake lonse linali Milisenti. Koma ndani angamalize dzina lonselo? Aliyense ankangoti Mili.

Mili ankakhala ku Troyeville, mumzinda wa Joni. Abambo ake, a Yakobo, anali telala ku Fordsburg. Amayi ake, a Mariya, ankagwira ntchito m'nyumba ina ku Rosebank. Nyumbayo inali ya Mayi Sawada, ochokera ku Japani.

Mayi Sawada anali ndi mwana wamkazi. Dzina lake linali Koharu. Koharu anali mnzake wa Mili wapamtima. Loweruka lililonse Mili ankapita ndi amayi ake ku Rosebank. Amayi ankagwira ntchito. Mili ndi Koharu ankasewera. Ankalankhulana m'Chizungu, koma ife tiwamva m'Chichewa chathu.

Tsiku lina Koharu anati, "Mili, kwathu kuli tsiku la atsikana. Timalitcha Hina Matsuri. Limakhala pa 3 Malichi."

"La atsikana okhaokha?" Mili anafunsa.

"Okhaokha. Anyamata ali ndi lawo."

"Mumatani tsikulo?"

"Timatulutsa zidole zokongola. Timavala bwino. Timadya zokoma. Chaka chino ubwere."

Basi, Mili sanakhalenso phee. M'mawa ankafunsa. Masana ankafunsa. Madzulo ankafunsa.

"Amayi, phwando lili liti?"

"Iwe Mili, makutu anga atopa," amayi ankatero. "Phwando silithawa."

Mili anali ndi chidole chake chansalu. Anamusokera ndi abambo. Dzina lake linali Dudu. Analinso ndi kachitenje kake ka buluu. Kanali ndi timbalame tachikasu. Anamutumizira ndi azakhali ake a ku Dedza. Kulikonse kumene Mili ankapita, Dudu ankakhala kumsana.

Kutatsala sabata kuti phwando lichitike, amayi anamuchapa Dudu. Anamuyanika pachingwe. Dudu ankadontha madzi.

"Lero Dudu atsala," amayi anatero. "Tiye, takisi itisiya."

Mili anatenga kachitenje kokha. Kumsana kwake kunalibe mwana.

Atafika ku Rosebank, Koharu anamugwira dzanja.

"Bwera udzaone. Zidole zatuluka."

Analowa pabalaza. Mili anaima. Pakamwa panali yasa.

Panali masitepe okutidwa ndi nsalu yofiira. Pa sitepe iliyonse panali zidole. Zina zinagwira ng'oma. Zina zinagwira timakapu. Panali tinyale ting'onoting'ono. Panali timbale ting'onoting'ono. Panalinso maluwa a pichesi, koma a pepala. Ku Japani mapichesi amachita maluwa m'Malichi. Ku Joni ayi.

Pamwamba penipeni panakhala mfumu ndi mfumukazi.

Mfumukazi inali ndi nkhope yoyera. Inali ndi tsitsi lakuda, losalala. Pamutu panali kachisoti kagolide. M'manja munali kachokupizira ka timatabwa topyapyala.

"Zinali za amayi anga ali mwana," Koharu anatero. "Tsopano ndi zanga. Zimagona m'bokosi chaka chonse. Zimatuluka nthawi ino yokha."

"Chaka chonse m'bokosi?"

"Chaka chonse."

Pomwepo Mayi Sawada anaitana kuchokera kuchipinda.

"Koharu, bwera udzayese chovala cha phwando."

Koharu anathamanga. Anaiwala kunena chinthu chimodzi. Nayenso Mili sanafunse. Apa mpamene zinthu zinapotokera.

Mili anatsala yekha. Anayang'ana mfumukazi. Mfumukazi sinkaseka. Kakamwa kake kanali kotseka. Mili anaimvera chisoni.

"Pepa mwana," Mili ananong'ona. "Chaka chonse m'bokosi? Mumdima? Ulibe wokubereka?"

Paja kwathu mwana sakhala yekha anthu alipo. Amene ali pafupi amamunyamula. Mili anakula akuona zimenezo.

Anakoka mpando. Anakwera. Anatenga mfumukazi ndi manja awiri. Anatsika pang'onopang'ono.

Anawerama. Anaiika kumsana. Anaifunditsa kachitenje. Anamanga mfundo pachifuwa. Anamangitsa ndithu, kuti mwana asagwe.

Kenaka anayamba kuyendayenda. Uku akuyenda, uku akuimba kanyimbo kake kongopeka.

"Iwe wa m'bokosi, bwera kumsana.
Bokosi nlozizira, kumsana nkofunda."

Anaimba. Anadumphadumpha pang'ono. Anaimbanso.

Thyo.

Kanthu kena kanalira kumsana. Mili anaima.

Nthawi yomweyo Koharu analowa. Anavala kimono, mkanjo wa kwawo wamaluwa. Anayang'ana pamwamba pa masitepe. Mfumu inali yokha. Anayang'ana Mili.

"Mili, kumsanako kuli chiyani?"

"Mwana," Mili anayankha. "Anali yekha. Ndamubereka."

"Amayi!" Koharu anakuwa.

Mayi Sawada anabwera kuchokera kuchipinda. A Mariya anabwera kuchokera kukhitchini, manja ali thovu lokhalokha.

"Mili, wachita chiyani?" a Mariya anafunsa.

Mayi Sawada anamasula mfundo ija. Anatulutsa mfumukazi. Tsitsi linali nyankhalala. Kachisoti kanapendekeka. Kachokupizira kanali katathyoka. Tizidutswa take tinagwa pansi.



"Tsitsi ndikonza," Mayi Sawada anatero motsitsa mawu. "Chisoti ndikonza. Koma kachokupizira ayi. Kotere kuno sikapezeka."

Anagwada kuti afanane msinkhu ndi Mili.

"Mili, zidole izi si zoseweretsa. Timangoziyang'ana. Timaziika apa kuti mwana wamkazi akule bwino. Akule wopanda matenda. Akule wokondwa."

"Sindinadziwe," Mili anatero. Mawu anatuluka pang'ono chabe.

"Pepani madamu," a Mariya anatero. "Pepani kwambiri."

Koharu ankalira. Misozi inanyowetsa kimono.

"Wawononga mfumukazi yanga," anatero. "Usabwere ku phwando langa. Usabwerenso."

Anathawira kuchipinda. Anatseka chitseko.

Mili ndi amayi ake anakwera takisi yobwerera kwawo. Wailesi ya adalaivala ndi imene inkalankhula yokha.

Kunyumba anapeza abambo akupukuta nsapato.

"Nanga nkhope zagwa bwanji?" abambo anafunsa.

Amayi anafotokoza zonse. Abambo anasiya nsapato. Milomo yawo inayamba kugwedera.

"Iwe Mili, wabereka mfumukazi ya ku Japani?"

"Bambo a Mili, si zoseka izi," amayi anatero.

"Eishi. Zoona, si zoseka." Abambo anameza phwete. Anamuika Mili pamwendo. "Mwananga, safunsa anadya phula. Kunyumba kwa eni timayamba tafunsa."

"Sindinafune kuthyola," Mili anatero. "Ndinamumvera chisoni."

"Ndikudziwa."

"Koharu sakundifunanso."

"Ukudandaula phwando?"

Mili anapukusa mutu. "Phwando lipite. Ine ndikufuna mnzanga."

Analira. Analira mpaka malaya a abambo ananyowa. Atatonthola, anakweza mutu.

"Abambo, ku Fordsburg amagulitsa tokupizira ting'onoting'ono?"

"Ku Fordsburg kuli chilichonse," abambo anatero. "Tikafufuza."

Lolemba ataweruka kusukulu, Mili anapita ndi abambo ku Fordsburg. Kunali anthu piringupiringu. Kunkanunkhira samusa.

Analowa m'sitolo ya nsalu ya a Cassim.

"Tikufuna chokupizira," abambo anatero.

A Cassim anatulutsa chokupizira chokongola.

"Nchachikulu," Mili anatero. "Tikufuna chaching'ono."

A Cassim anatulutsa china.

"Nchachikulube."

"Chaching'ono bwanji?" a Cassim anafunsa.

Mili anaonetsa chala chake chakanise. A Cassim anaseka.

"Nchokupizira mbewa kodi? Chimenecho ndilibe."

Analowa m'sitolo ina. Munalibe. Analowa ina. Munali zamagetsi zokhazokha. Anayenda mpaka miyendo ya Mili inawawa.

"Ndinanama," abambo anatero. "Ku Fordsburg sikupezeka zonse."

Mili anakhala pa mpando m'shopu ya abambo. Anayang'ana makina osokera. Anayang'ana sizasi. Anayang'ana ulusi. Anaganiza. Anaganizanso.

"Abambo, ndipanga ndekha."

"Shapu," abambo anatero. "Ine ndikhala wothandiza wako."

Mili anayamba ndi pepala. Anapinda, anapinda, anapinda. Pepala linang'ambika.

Tsiku lotsatira anayesa timitengo ta ayisikilimu. Anamata, anamata, anamata. Chinatuluka chachikulu.

"Ichi mfumukazi ikhoza kugonapo," abambo anatero. Mili sanaseke.

Tsiku linanso amayi anabweretsa timitengo ta machesi. Anachotsa mitu yake ndi mpeni. Anatipala kuti tipyapyale.

"Yesa iti," amayi anatero. "Koma pepala lisiye. Gwiritsa nsalu."

Abambo anakhuthula thumba la zigamba patebulo. Munali nsalu zonyezimira. Munali zagolide. Munali zasiliva.

"Sankha," abambo anatero.

Mili sanasankhe. Anapita kukatenga kachitenje kake ka buluu. Analoza pakona. Panali kambalame kamodzi kachikasu.

"Dulani apa."

"Chitenje cha azakhali ako?" amayi anafunsa. "Umachikonda chimenechi."

"Ndimachikonda," Mili anatero. "Koma tinalakwa awiri, ine ndi chitenjechi. Tikapepese awiri."

Abambo anayang'ana amayi. Amayi anagwedeza mutu kuvomera. Sizasi inalira. Kwe, kwe, kwe.

Mili anapinda kansalu kaja. Abambo anakasita. Mili anamata timitengo ndi guluu. Kamtengo kena kanamatirira kuchala. Kena kanamatirira kuchigongono. Mili sanatope.

Amayi anamangirira ulusi m'mbali. Wofiira, wobiriwira, wachikasu.

Mili anaika kachokupizira pawindo kuti kaume. Kanauma. Mili anakatambasula. Kambalame kachikasu kanaoneka pakati penipeni. Anakaika m'kabokosi ka machesi.

Loweruka linafika. Linali tsiku la phwando.

"Amayi, ndipite nanu," Mili anatero. "Sindikalowa. Ndikangoima pageti."

"Ndinakufunsira kwa madamu," amayi anatero. "Anati ubwere. Koma Koharu sananene kanthu."

Mili ankaopa.

"Nanenso ndipita," abambo anatero. "Shopu ndikatsegula mochedwa. Pageti tikaima awiri."

Anakwera takisi atatu onse. Mili anafumbata kabokosi njira yonse.

Atafika, amayi analowa. Mili ndi abambo anaima pageti. Anadikira. Mbalame za hadeda zinkalira pa kapinga. Anadikirabe.

Chitseko chinatseguka. Koharu anatuluka. Anavala kimono ija. Ankayenda pang'onopang'ono. Sankaseka.

Mili anapinda maondo pang'ono. Anapereka kabokosi ndi manja awiri. Koharu analandira ndi manja awiri.

"Pepa, Koharu," Mili anatero. "Ndinalakwa. Sindinafunse. Aka ndapangira mfumukazi yako."

Koharu anatsegula kabokosi. Anatulutsa kachokupizira. Anakatambasula. Anayang'ana kambalame. Anayang'ana kachitenje ka Mili. Pakona panali podula.

Anatembenuka. Anathamangira m'nyumba.

Mili anatsala ali chilili.

"Abambo, sanakakonde. Tiyeni tizipita."

"Dikira pang'ono," abambo anatero. "Munthu wokana sathamanga choncho."

Chitseko chinatsegukanso. Koharu anatuluka akukoka dzanja la amayi ake. M'dzanja lina ananyamula magolovesi oyera.

"Vala awa," Koharu anatero. "Mfumukazi sitiigwira ndi manja chabe."

"Ine?" Mili anafunsa.

"Iwe. Wapanga ndiwe. Ukaike wekha."

Koharu anayang'ana pansi. Anakanda nthaka ndi nsapato.

"Nanenso pepa, Mili. Sindinakuuze. Ndipo ndinakuuza mawu oipa. Sabata yonseyi ndakusowa."

"Nanenso ndakusowa," Mili anatero.

Abambo anavula chipewa.

"Moni madamu. Ine nditsala kunja kuno. Akuti ndi tsiku la atsikana."

"Lowani," Mayi Sawada anatero akumwetulira. "Abambo a atsikana amadya nawo."

"Aa, ngati ndi choncho sindikana," abambo anatero.

Analowa onse pabalaza. Mfumukazi inali pamalo pake. Tsitsi linali losalala. Chisoti chinali chowongoka. Koma manja anali opanda kanthu.

Mili anavala magolovesi. Anali aakulu. Zala zinkalendewera. Abambo anamunyamula m'mwamba.

"Pang'onopang'ono," amayi anatero.

"Pang'onopang'ono," Koharu anatero.

Mili anasiya kupuma. Anaika kachokupizira m'manja mwa mfumukazi. Anachotsa dzanja lake. Sikanagwe. Kanakwana bwinobwino.

Mfumukazi ya ku Japani inagwira kambalame ka ku Dedza.

Koharu anaomba m'manja. Amayi anaomba m'manja. Mili anapuma.

Mayi Sawada anagwadanso pafupi ndi Mili.

"Mfumukazi iyi inandiyang'anira ine ndili mwana," anatero. "Tsopano ikuyang'anira Koharu. Zaka zonsezi palibe anaimvera chisoni. Iwe unaimvera chisoni. Zikomo, Mili."

Mili anamwetulira.

"Koma usadzaiberekenso," Mayi Sawada anawonjezera.

Phwete la abambo linaphulika. Analisunga sabata yonse, anthuni. Onse anaseka nawo.

Nthawi ya chakudya inakwana. Panali mpunga wosakaniza ndi mazira ndi nsomba. Panali timakeke ta mpunga ta mitundu itatu. Pinki pamwamba, zoyera pakati, zobiriwira pansi. Panali timaswiti ta mpunga tolira khuchukhuchu m'kamwa.

A Mariya anaimirira kuti agawe chakudya. Mayi Sawada anawagwira dzanja. Anawaitana mwaulemu wa kwawo.

"Mariya-san, lero khalani pansi. Nanunso muli ndi mwana wamkazi."

A Mariya anachita manyazi. Anakhala. Mayi Sawada anagawa okha.

Kenaka anathira chakumwa choyera m'timakapu. Mili analawa. Chinali chotsekemera.

"Amayi, ili ndi thobwa," ananong'ona.

"Ndi mbale wake wa thobwa," amayi anayankha.

Mayi Sawada anakweza kakapu kawo. Anayang'ana mwana wawo.

"Koharu akule bwino," anatero.

"Akule bwino," onse anavomera.

Kenaka anayang'ana Mili.

"Mili akule bwino. Akule wopanda matenda. Akule wokondwa."

"Akule bwino," onse anavomera. Mawu a Koharu ndi amene anamveka kwambiri.

A Mariya anapukuta maso ndi nsonga ya epuloni.

"Zikomo madamu," anatero. "Kwathu timati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Lero ndaona ndi maso anga."

Mili anathokoza mumtima. Anathokoza abambo ake. Anathokoza amayi ake. Anathokoza Mayi Sawada. Kenaka anaona kuti zamumtima sizimveka. Anaimirira. Anati, "Zikomo nonse." Anakhalanso msanga.

Koharu anamukodola.

"Mili, mawa zidole zibwerera m'bokosi. Phwando likatha sizichedwa panja. Ntchito ndi yambiri. Ubwera?"

Mili anayang'ana amayi. Anayang'ana abambo.

"Tikatuluka m'tchalitchi," amayi anatero.

"Ndibwera," Mili anauza Koharu. "Koma uyambe wandiuza zonse. Zogwira ndi ziti? Zosagwira ndi ziti?"

"Ndikuuza zonse," Koharu anatero.

Ndipo anasendeza mbale yake pafupi ndi ya Mili, kuti adyere pamodzi.